Fredson Nkhoma ndi Chikho cha Madzi

Fredson Nkhoma anabadwira pa komboni ya pulazi ina ya fodya kufupi ndi tauni ya Beatrice, kum'mwera kwa Harare, ndipo sanakhaleko kwina. Bambo ake anachoka ku Dedza wapansi ali mnyamata, nagwira ntchito pa pulazi yomweyo mpaka kufa. Fredson za ku Malawi amangomva. Chichewa chake n'cha pa komboni: amayamba nkhani m'Chichewa n'kukaimaliza m'Chishona, koma akapsa mtima zinenero zonse ziwiri zimamuthawa, n'kungotsala milomo ikunjenjemera.

Ntchito yake ndi yosonkhezera moto m'mabani oumitsira fodya. Ndi wamtali, wowonda, wa msana wopindika chifukwa chowerama pa ng'anjo. Aliyense pa komboni amadziwa kuti munthuyu ali ndi mtima wapachala. Anabadwa nawo. Amayi ake ankati ali khanda ankalira mpaka kuuma thupi lonse, kuchita kumuthira madzi kuti apumenso.

Pa komboni yathu gule wamkulu alipobe. Ashona otizungulira amati zvigure, ndipo ena amatiseka nazo, koma munthu wometa akamwalira zilombo zimatuluka monga zinkatulukira kwa makolo. Ine ndine mphunzitsi chabe wa pa sukulu ya pa pulazi, ndipo sindinagule njira. Za kudambwe sindizidziwa, sindifunsanso. Ndinena monga timanenera tonse, kuti zilombo zimachita kuwedzedwa, ndipo aliyense wa kumeneko ali ndi chake chimene amawedza. Fredson ankawedza Kang'wing'wi, chilombo chaukali chija chodzola matope thupi lonse, chikoti kumanja. Zimene ndilemba pano zinkachitikira poyera, ndipo mwini wake anandilola.

Woyang'anira gule yense anali a Damião, mkulu wochokera ku Angonia, amene ankasambitsa ng'ombe ku dibi. Anali aafupi, a diso limodzi loyera, a lilime lakuthwa. Ndiwo anali phungu wa Fredson pamene ankameta. Woyimba mbalule, ng'oma imene chilombo chimavinira chitaiyang'ana pafupi, anali Godfrey, mlongo wake wa Filesi amene Fredson anadzamukwatira. Anthu ankati manja a Godfrey ndi mapazi a Kang'wing'wi zinabadwa tsiku limodzi.

Fredson ali mnyamata, asanakwatire, pa komboni panali kalaliki wa m'sitolo dzina lake Nobert, amene nayenso ankamufuna Filesi. Tsiku lina la gule, Kang'wing'wi anatuluka m'bwalo, nadumpha amayi ndi ana osawakhudza, nalunjika kwa Nobert. Anamukwapula mpaka khutu linang'ambika. Mlandu panalibe. Chilombo chilibe dzina, chilibe nkhope, sungachitengere kupolisi.

M'mawa mwake a Damião anamuitanira Fredson pa chulu cha kuseri kwa mabani.

"Iwe mwana wa Nkhoma," anatero, "chilombo chimagula sopo m'sitolo?"

"Ayi, madala."

"Chimafunsira mbeta?"

Fredson anayang'ana pansi.

"Ndiye chinamudziwa bwanji Nobert? Chilombo chilibe mdani. Mdani ndi wako. Wabisala kumbuyo kwa mizimu ngati khoswe kuseri kwa mtsuko, ukudziwa kuti palibe amene angaphwanye mtsuko pofuna iwe."

Anamuletsa kuwedza kwa nthawi yaitali. Atamubwezera, anamuphunzitsa mwambo umene anabwera nawo kuchokera kwawo, ndipo kuyambira pamenepo unakhala wa aliyense. Tsiku la gule, munthu asanalowe kuthengo, ankayamba waima pa chulupo. A Damião ankamupatsa chikho cha madzi ozizira. Ngati ali ndi chakukhosi, ankatchula dzina la munthuyo mokweza, n'kunena mlandu wonse osasiyako. Kenako ankamwa madziwo, osameza, n'kuwapemerera pansi, kum'mawa ndi kumadzulo. Ukapemerera ndiye kuti walumbira pamaso pa akufa kuti nkhaniyo yatha. Amene sangathe, tsiku limenelo sawedza. Amene apemerera chinyengo, ankatero a Damião, chikoti chake chimakafikira m'nyumba mwake momwe.

Ena ankangoti alibe mlandu ndi munthu, n'kudutsa. Fredson yekha ndiye ankachedwetsa gule. Ankatchula foromani, mnzake wa pa ng'anjo, mayi wogulitsa mowa wa chikokiyana, ngakhale galu wa oyandikana nawo.

"Tamalizani, alamu," Godfrey ankafuula ali chapatali, ng'oma ili kukhwapa. "Chikopa chizizira! Kapena mutchulenso njinga yanu?"

"Njinga anaitchula kale," ankayankha a Damião. "Chulu chino chamera bonongwe chifukwa cha munthu mmodzi."

Fredson ankaseka nawo madzi akuchucha m'ndevu. Ndipo Kang'wing'wi sanakhudzenso munthu. Ankathamangitsa ana mpaka kumipanda, chikoti chikulira m'malere, koma sichinkatera pa thupi la aliyense.

Kunyumba kokha ndiye kunalibe chulu. Mwana wawo woyamba, Tawina, ndinamuphunzitsa giredi faivi. Anali mwana wofatsa, wolemba mwaukhondo, wokonda kugawa choko kwa anzake. Koma akamva mawu a mwamuna akukwera, ngakhale kubwalo la mpira, ankalowetsa mutu pansi pa desiki n'kutseka makutu. Bambo ake sanamumenyepo, ngakhale amayi ake. Zimene zinkaphwanyika zinali mbale, chitseko, wayilesi. Tsiku lina Fredson atabwera kudzaona ntchito ya mwana, ndinamuuza za desiki ija.  Anatembenuza chipewa m'manja kangapo, natuluka.

Anakapempha chikho chakechake kwa a Damião. Filesi anandiuza pambuyo pake kuti bambo a Tawina akayamba kunjenjemera milomo, ankatunga madzi mumtsuko n'kupita kuseri kwa nyumba. Ankawamva akulankhula okha, nthawi zina akutchula dzina lake lomwe, kenako phuu! phuu! n'kubwera kudzakhala pansi.

"Poyamba zinkandinyansa, aphunzitsi," anatero Filesi, "kumva mlandu wanga ukuuzidwa nkhuku. Koma mbale zanga zilipo."

Sizinasinthe tsiku limodzi, koma Tawina pofika giredi seveni anali atasiya kubisala.

Chaka cha kolera Fredson ndi Filesi anataya mwana wawo wamwamuna, Chikhumbo, atangoyamba kumene kulankhula. Manda athu ali m'kankhalango ka mitengo ya misasa, m'mphepete mwa munda wa fodya. Akuluakulu amaikidwa m'kati, ana amaikidwa kunja kwenikweni, chakumalire. Palibe miyala yolembedwa. Pa mtumbira wa Chikhumbo anaikapo kambale kake kachitsulo kobiriwira, ndipo Fredson ankakalimira pamenepo mvula ikatha.

Nthawi imeneyo pulazi inali itasintha kale manja. Mwini watsopano sitinkamuona kawirikawiri. Zonse ankayendetsa manijala. Ntchito inakhala ya nyengo, ndipo nyumba ya pa komboni inkakhala yako malinga ukugwira ntchito. Godfrey anali ndi mwayi, ankayendetsa thirakitala.

Patapita zaka, mwezi wa Okutobala, manijala anafuna kukulitsa munda. Filesi ndiye anazipeza akuchokera kunkhuni. Mzere wonse wa manda a ana unali utagawulidwa. Mitumbira panalibe, koma dothi lofiira lotembenuzidwa, ndipo kambale kobiriwira kanali m'munda katapindika pakati. Anabwera nako m'chitenje.

Fredson sanatunge madzi. Anatenga nkhwangwa, nalunjika kumene amasungira thirakitala. Ana a sukulu anamuona akudutsa, nathamangira kudzandiuza, koma ena anali atakawauza kale a Damião. Nditafika ndinapeza mkuluyo atakhala pansi pakati penipeni pa njira, miyendo atatambasula.

"Chokani, madala."

"Ndatopa. Ndikupuma."

"Chokani!"

"Dumpha. Ndiwe wodziwa kudumpha anthu. Kapena yambira pano, mutu wanga ndi wofewa kuposa wa mlamu wako."

Mwambo wathu sulola kudumpha miyendo ya mkulu, ndipo njira inali yopapatiza, mbali zonse waya waminga. Fredson anaima pamenepo akupuma ngati ng'ombe. Kenako anatema mtengo wa mpanda, natemanso, mpaka mpini unathyoka.

Godfrey anabwera kunyumba kwa Fredson patapita masiku, atanyamula tambala. Anagwada pakhomo.

"Alamu, ndabwera."

Fredson anatuluka m'nyumba, naima patsogolo pake.

"Manijala anaima pomwepo, alamu. Anachita kuloza ndi ndodo. Ndinamuuza kuti apa pagona ana, iye akuti hapana chinhu apa, palibe kanthu, ndi udzu chabe. Akuti ukakana tsika, makiyi upereke, nyumba utulukemo lero. Ana anga ndikanapita nawo kuti?"

"Unkadziwa pamene wagona."

"Ndinkadziwa."

"Unakumba nawo. Ndiwe malume wake. Unamutsitsa ndi manja ako."

"Ndinatseka maso, alamu."

"Tenga nkhuku yako."

Filesi analira, napempha mwamuna wake, natukwana mlongo wake, koma tambala anabwerera.

Kuyambira pamenepo Fredson anasiya kuphwanya zinthu, anasiyanso kuseka. Ukali wake wakale unali wa moto wa udzu, wobuka n'kuzima. Uwu unali wina. Ankapita kuntchito, ankapita kutchalitchi, ankapereka moni. Gule akamachitika, a Damião ankamupatsa chikho pa chulu paja, iye n'kupukusa mutu n'kubwerera. Godfrey ankayimbira zilombo zina.

A Damião sanamukakamize. Ankangopita kukakhala naye pa ng'anjo masana, akufwenkha fodya wawo wamphuno.

"Tamutchule lero," ankatero. "Usapemerere. Ungomutchula."

"Ndikamutchula ndimaona thirakitala."

"Uione. Mawa udzaionenso. Udzatopa nayo."

"Nanga manijala? Bwanji simukuti ndimukhululukire iyeyo?"

"Manijala sakuyimbira ng'oma. Iyeyo mizimu idzamufunsa yokha. Ine ndikuopa za amene adzakhale patsogolo pako, manja ali pa chikopa, khosi lili poyera."

Mvula yachiwiri isanathe, a Damião anagwa ndi chifuwa. Ku chipatala anawabweza. Ndinapita kukawaona limodzi ndi Fredson. Anali atatsala mafupa okhaokha pa mphasa, ndipo akazi awo, mayi Esnath, ankawadonthezera phala ndi supuni. Anamugwira Fredson pa dzanja.

"Iwe, ine ndilibe mwana wamwamuna. Kwathu sindidzapitako. Ndikafa undiwedzere Kang'wing'wi wako, andiperekeze. Zinazi n'zosewera ana."

"Ndamva, madala."

"Wamva, Esnath? Walonjeza."

"Ndamva," anatero mayi Esnath, natuluka kukatsuka mbale.

Atatuluka, mkuluyo anamukokera Fredson pafupi.

"Koma pa chulu udutse kaye. Usandinamize ndili mtembo."

Anamwalira Lachinayi. Uthenga unapita ku mapulazi ozungulira, ndipo anthu anabwera ambiri, ena pa kombi, ena wapansi. Koma odziwa gule anali ochepa. Anyamata ambiri anapita kumigodi kukasaka golide, ena ku Harare, ena ku Joni. Aliyense ankadziwa kuti bwalo likudikira Kang'wing'wi, amene sanaonekepo kuyambira chigawulire manda a ana.

M'mawa wa tsiku loika, amuna a kudambwe anasonkhana pa chulu. Chikho anagwira ndi Lazalo, wachiwiri wa a Damião, munthu wachangu, wosakonda nkhani zazitali. Enawo anadutsa mofulumira. Ine ndinali pa njira ya kusukulu ndi amuna ena osameta, ndipo tinkaona zonse. Godfrey anali kale kubwalo, akuwamba ng'oma pa moto.

Fredson analandira chikho ndi manja awiri.

"Godfrey," anatero mokweza. "Godfrey, mlamu wanga. Anagawula mwana wanga. Ankadziwa pamene wagona. Anali ndi mantha, ali ndi ana, ine ndikudziwa. Anabwera ndi nkhuku, ndinaibweza. Sanachite mwadala. Ndi mlongo wake wa mkazi wanga."

Anamwa madzi, natembenukira kum'mawa, masaya atatupa. Tinadikira. Kubwalo mbalule inayamba kuyesedwa, ndipo tinaona mapewa ake akuuma. Anaima choncho nthawi yaitali, maso ali chotseka, dzanja lamanja likufumbata ndi kufumbatula. Kenako kholingo lake linayenda. Anameza.

"Watani?" anafunsa Lazalo.

"Godfrey sanachoke mumtima."

"Tenganso."

"Ndingatenge mtsuko wonse. Sanachoke."

"Iwe Nkhoma, ndi madzi chabe awa! Lavula tizipita. Mtembo ukudikira, alendo abwera kuchokera ku Chivhu. Adzadziwa ndani za mumtima mwako?"

"Eni chikho."

"Eni chikho afa! Ndipo anakupempha okha. Uwachititsa manyazi lero?"

Fredson anabweza chikho, natsika pa chulu. Sanalowe kuthengo. Anabwera kudzakhala nafe osameta, pansi pa mtengo, ngati mlendo.

Maliro anayenda. Kunatuluka akapoli awiri ndi chilombo china chimene chinkaphonya ng'oma, mpaka alendo anayamba kunong'onezana. Amayi akuwomba m'manja ankayang'anabe ku njira ya kuthengo. Atazindikira kuti Kang'wing'wi sabwera, ndipo Fredson wakhala poyera manja ali pa maondo, mayi wina anasintha nyimbo. Anayimba za mwana woleredwa amene amadya pakhomo, koma tsiku la mtembo miyendo imamupweteka. Ena anavomera. Filesi anafunda chitenje kumutu. Tawina, amene anabwera kuchokera ku Chitungwiza kumene amagwira ntchito ya m'nyumba, anadzuka pakati pa amayi, nabwera kudzakhala pansi pafupi ndi mapazi a bambo ake, ngakhale si malo a akazi.

Bokosi likunyamulidwa, mayi Esnath anaima patsogolo pa Fredson. Mawu awo anali atasasa ndi kulira.

"A Nkhoma, ndinamva ndi makutu anga. Munalonjeza. Munthu anakulerani, anakhala pa njira chifukwa cha inu, lero mwamusiya apite ngati wobwera dzulo. Zikomo. Mulungu akuoneni."

 Mawu otsiriza a mwamuna wawo mayiwo sanawamve, ndipo kunena pagulu chimene Fredson ankaopa kukanakhala kuulula za chilombo pamaso pa amayi ndi ana. Fredson anangowerama.

Pobwerera kumanda, anthu anayenda m'magulu. Ine ndinali ndi Fredson kumbuyo kwenikweni. Njira imadutsa m'mphepete mwa munda uja, ndipo fodya anali atafika m'chiuno. Godfrey anatidikira pamenepo, ng'oma ili pa phewa, zala zitatupa.

"Alamu."

Fredson anaima.

"Ndimadziwa chifukwa chake. Ine ndinabwera wokonzeka. Malaya awa ndinavala dala akale." Anayesa kuseka, koma sizinatheke. "Mukanangobwera, alamu. Mukanandikwapula pamaso pa anthu, magazi atuluke, nkhani ithe. Madala akanapita bwino, inenso ndikanagona tulo."

"Sindikanakukwapula," anatero Fredson, mawu ali pansi. "Ndinaziona ndili pa chulu. Chikoti ndikanataya. Pa moto wowambira ng'oma pamakhala nkhwangwa."

Godfrey anamuyang'ana, nayang'ana ine, natsitsa ng'oma pansi ngati yamulemera. Fredson anamulambalala napitirira.

Lazalo ndiye anatenga udindo wa a Damião. Za pa chulu anazisiya, akuti zimachedwetsa anthu ndipo zinawachititsa manyazi pamaso pa alendo. Fredson samuitananso. Chaka chatha chilombo china chinathyola mkono wa mnyamata wa pa pulazi yoyandikana nayo, amene ankalimbirana dimba ndi munthu wina wa pa komboni pathu, ndipo mlandu panalibe.

Fredson akadali pa ng'anjo, tsitsi layamba kuyera. Mayi Esnath akakumana naye amapatukira kumbali. Godfrey akadali ndi moyo, ana ake atatu ndimawaphunzitsa ine, ndipo wamng'ono ndi wa masamu kwambiri. Filesi amapita kwa mlongo wake masana, mwamuna ali kuntchito, ndipo Fredson amadziwa koma safunsa. Alamu awiriwo sanalankhulanenso.